Mankhwala a khansa kwa munthu amene alibe khansa: za maselo a B ndi matenda a MS

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Mpondasi, ku Mangochi:

"Adokotala, mlongo wanga wa zaka 29 amagwira ntchito ku Johannesburg. Zaka ziwiri zapitazo diso lake limodzi linachita chidima uku likupweteka, kenako linayamba kuonanso palokha. Chaka chatha miyendo inachita dzanzi. Atamujambula ndi MRI ndi kumuchotsa madzi a mumsana anati ndi multiple sclerosis (MS), ndipo amamuika diripi ya rituximab pa miyezi 6 iliyonse, akuti yopha maselo a B. Wabwera kudzationa mu Okutobala muno, ndiye dzuwa likatentha miyendo ikumalemeranso. Amalume afufuza pa foni n'kupeza kuti rituximab ndi mankhwala a khansa. Pakhomo pavuta. Ena akuti akutibisira khansa, ena akuti mankhwalawo ndi amene akumumaliza, angosiya apite kwa asing'anga. Maselo a B n'chiyani, ndipo dokotala angaphe bwanji dala asilikali a m'thupi?"

Achimwene, amalume anuwo sananame. Rituximab anavomerezedwa koyamba mu 1997 ngati mankhwala a khansa ya lymphoma, ndipo mpaka lero amagwira ntchito imeneyo. Koma dzina la mankhwala silitiuza matenda a munthu. Khansa ija ndi ya maselo a B amene akuswana mopanda malire. MS si khansa. Mu MS maselo a B sachuluka modabwitsa ayi, amangochita zolakwika. Mankhwala ndi amodzi chifukwa selo imene tikufuna kuchotsa ndi imodzi, basi. Pa zimene mwafotokozazi, achemwali anu sakukubisirani kanthu.

Tiyambe ndi nthendayo. Uthenga wa m'thupi umayenda m'minyewa ngati magetsi m'waya, ndipo minyewa ya mu ubongo, ya kumaso ndi ya mumsana inakutidwa ndi chikopa chamafuta chotchedwa myelin. Amene muli ndi sola pakhomo mukudziwa zimene zimachitika khoswe akatafuna pulasitiki ya waya kudenga: babu limayamba kuphethira, lero layaka, mawa lazima, chonsecho waya weniweniyo sanaduke. Mu MS wotafuna chikopacho ndi chitetezo cha mwini thupi. Pamene chatafuna pamatupa kwa masabata angapo, kenako pamaphwa n'kusiya chipsera, ndipo dzina la nthendayi limangotanthauza zipsera zambiri. N'chifukwa chake diso lija linachita chidima n'kubwerera. Dokotala wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, anaifotokoza bwino nthendayi mu 1868. Kawerengedwe ka mu 2020 kanapeza anthu pafupifupi 2.8 miliyoni padziko lonse amene ali nayo. Imakonda kuyamba pakati pa zaka 20 ndi 40, ndipo akazi amachuluka kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi amuna.

Kuno kwathu tikati asilikali a m'thupi, aliyense amaganiza za CD4, chifukwa cha zaka zonsezi za HIV. CD4 ndi mtundu wa maselo a T. Koma gulu la nkhondolo lili ndi ena, ndipo maselo a B ndi amodzi mwa iwo. Amabadwira m'mafuta a m'mafupa, amayenda m'magazi, amakakhala m'kapamba ndi m'timabere tija timatupa m'khwapa kapena mphechepeche mukakhala ndi bala. Ntchito yawo yodziwika ndi kupanga ma antibody, timapuloteni timene timakamata kachilombo kuti kaphedwe. Mwana akalandira katemera wa chikuku, amene amasunga nkhope ya chikukuyo kwa zaka ndi maselo a B.

Kwa nthawi yaitali ife a zachipatala tinkaphunzitsidwa kuti MS ndi nthenda ya maselo a T, ndipo panali chifukwa: m'zipsera za mu ubongo maselo a T ndi amene amapezeka ambiri. Chonsecho chizindikiro cha maselo a B chinali pamaso pathu kuyambira kale. Mu 1942 Elvin Kabat anaonetsa kuti madzi a mumsana a odwala MS amakhala ndi ma antibody ochuluka. Madzi amenewa, achimwene, akamadontha pa singano amakhala oyera mbee, ngati a pamjigo, moti simungaganize kuti muli kanthu. Koma akawayendetsa pa makina ku labotale pamatuluka timizere tosanjikizana ngati makwerero, timene m'magazi a munthu yemweyo mulibe. Timizere timeneti, ma oligoclonal band, timapezeka mwa odwala MS pafupifupi 9 mwa 10 alionse, ndipo timasonyeza kuti maselo a B analowa mkati mwa ubongo n'kumangamo misasa. Mosakayikira ndi zimene ankafufuza pamene anachotsa madzi achemwali anu. Tinkagwiritsa ntchito timizereti pozindikira nthenda, koma mwini timizereyo tinkamuyesa mboni chabe, osati wopalamula.

Zinasintha mu 2008. Gulu lotsogozedwa ndi Stephen Hauser wa ku San Francisco linapereka zotsatira za kafukufuku wa odwala 104, ena atalandira rituximab, ena diripi yopanda mankhwala. Malo atsopano otupa pa MRI anatsika ndi 91 peresenti mwa olandira rituximab, ndipo amene nthenda inawabwerera anali pafupifupi theka poyerekeza ndi enawo. Chodabwitsa sichinali kukula kwa phindulo kokha, koma liwiro lake. Ofufuzawo ankayembekezera kuti mankhwala athandiza pochepetsa ma antibody oipa, zimene zikanatenga nthawi yaitali. Koma kutupa kunaleka m'masabata ochepa, ma antibody m'magazi asanasinthe n'komwe, ndipo timizere ta m'madzi a mumsana tija kawirikawiri timatsala ngakhale munthu akupeza bwino. Ndiye ngati si ma antibody, maselo a B ankalakwa chiyani?

Mukudziwa zimene zimachitika mumsika wa pa boma munthu mmodzi akangoloza chala n'kukuwa kuti "Wakuba uyo!" Iye mwini mwina saponya ngakhale chibakera chimodzi. Omenya ndi anyamata a kabaza, ogulitsa usipa, ongodutsa. Koma popanda wokuwayo palibe akanamenyedwa, ndipo akamapitiriza kukuwa, khamu silibalalika. Selo ya B mu MS ndi wokuwa ameneyu. Imatola kachidutswa ka chinthu, n'kukaonetsa kwa maselo a T kuti mdani ndi uyu. Ikaloza molakwika, maselo a T amawoloka mpanda umene umateteza ubongo n'kukagwera myelin wosalakwa. Imatulutsanso timadzi tosonkhezera moto, monga IL-6, TNF ndi GM-CSF, timene timaitana maselo ena odya zinthu kuti adzathandize kugumula. Mwa munthu wabwinobwino mumakhalanso maselo a B oleretsa, otulutsa IL-10, onga amfumu ofika n'kunena kuti taimani kaye timve nkhani. Mwa wodwala MS osonkhezera amaposa oleretsa mphamvu.

Kuti si selo ya B iliyonse imene ili yoipa tinaphunzira mopweteka. Panali mankhwala ena, atacicept, amene ankagwetsa kwambiri maselo opanga ma antibody n'kusiya ambiri mwa maselo osunga chikumbumtima, amene akuganiziridwa kuti ndiwo olozawo. Kafukufuku wake pa MS anaimitsidwa panjira chifukwa olandira mankhwalawo nthenda inkawabwerera kwambiri kuposa osalandira.

Apa ndiye pali yankho la mantha anu akuti apha asilikali onse. Rituximab amagwira selo imene yavala chizindikiro chotchedwa CD20, titi chipewa. Maselo ongobadwa kumene m'mafupa sanachivalebe chipewachi, choncho fuko silitha, ndipo pakapita miyezi maselo atsopano amabweranso. Maselo okhwima otchedwa plasma, amene anakhazikika m'mafupa n'kumapanga ma antibody usana ndi usiku, anachivula kale. Ndiye chitetezo cha katemera amene achemwali anu analandira ali mwana kusikelo, chambiri chikadalipo. Maselo a T nawonso ambiri sakhudzidwa. Amene achotsedwa ndi a pakatiwa, mmene muli okuwa aja. Izi n'zosiyana kwambiri ndi zimene HIV imachita pa CD4, ndipo n'zosiyananso ndi mankhwala a khansa aja othothola tsitsi.

Pambuyo pa 2008 panabwera abale ake a rituximab, onse olondola chipewa chomwecho. Ocrelizumab anavomerezedwa ku America mu 2017. Amaperekedwa pa diripi, mamiligiramu 600 pa miyezi 6 iliyonse, ndipo pa kafukufuku anachepetsa kubwerera kwa nthenda ndi pafupifupi 46 peresenti poyerekeza ndi jakisoni wakale wa interferon. Ndiyenso anali woyamba kuvomerezedwa pa mtundu wa MS umene umangokulirakulira kuyambira pachiyambi, ngakhale phindu lake kumeneko n'lochepa. Ofatumumab, wa mu 2020, munthu amadzibaya yekha pakhungu kamodzi pamwezi. Ublituximab anabwera kumapeto kwa 2022. Rituximab mwini sanalembetsedwe ndi kampani yake ngati mankhwala a MS, komabe ku Sweden, dziko limene MS ndi yochuluka, ndi amene odwala ambiri amalandira, ndipo mu 2023 bungwe la WHO linamuika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira a MS pamodzi ndi cladribine ndi glatiramer. Ine kuona kwanga, kwa munthu wa kuno kwathu amene ndalama ndi zosowa komanso chipatala chili kutali, diripi ya kawiri pachaka ndi chisankho chanzeru. Wina asakunamizeni kuti amupatsa zotsalira.

Pali nkhani ina imene imandigwira mtima chifukwa ikukhudza dera lathu lino la Africa. Mu 1958 Denis Burkitt, ali ku Uganda, anafotokoza khansa ya ana yotupitsa nsagwada, yomwe ija timaiona m'mawodi a ana kuno ku Malawi, makamaka kumene malungo ndi ochuluka. M'maselo a khansa imeneyo ndi mmene mu 1964 munapezeka kachilombo ka Epstein-Barr. Kachilomboka kamafala kudzera m'malovu, kamalowa m'maselo a B n'kukhalamo moyo wonse wa munthu, ndipo akuluakulu oposa 9 mwa 10 padziko ali nako osadziwa. Mu 2022 ofufuza a ku Harvard, atasanthula magazi osungidwa a asilikali a ku America oposa 10 miliyoni, anapeza kuti munthu akatenga kachilomboka mpata wodwala MS umakwera ka 32. Mwa odwala 801 amene anawafufuza, mmodzi yekha ndi amene analibe kachilomboka pamene nthenda inkayamba. Chaka chomwecho gulu la ku Stanford linaonetsa kuti puloteni ina ya kachilomboka, EBNA1, imafanana nkhope ndi puloteni ya mu ubongo yotchedwa GlialCAM. Ndiye wokuwa uja mwina sikuti ndi wankhanza. Anaonadi wakuba, kenako n'kuloza wofanana naye.

Koma musathamange kukayezetsa ana anu. Pafupifupi tonse tili nako kachilomboka ndipo MS ndi ya ochepa kwambiri. Pamafunika zina zoonjezera: chibadwa, kusuta fodya, kuchepa kwa vitamini D, kunenepa kwambiri pa unyamata. MS siopatsirana. Idyani naye mbale imodzi ngati kale.

Tsopano za miyendo imene ikulemera dzuwa likakwera. Izi si umboni woti mankhwala akumumaliza. Mnyewa umene unatafunidwa n'kupola umayendetsa uthenga movutikira, ndipo thupi likangotentha pang'ono umaleka kaye. Dokotala wa maso wa ku Germany, Wilhelm Uhthoff, analemba za zimenezi mu 1890. Munthu wochoka ku Johannesburg, mzinda wa pamwamba pozizira, n'kufikira mu Okutobala wa ku Mangochi, pamene ngakhale mbuzi zimangogona pansi pa mtengo wa mango kukamwa kuli yasa, n'zoyembekezereka. Yesani izi: masana akhale pamthunzi podutsa mphepo, amwe madzi a mumtsuko, afunde chitenje chonyowa m'khosi, ntchito zoyenda achite m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Ngati miyendo ikupepuka thupi likazizira, ndi kutentha chabe, palibe chipsera chatsopano. Koma chizindikiro chachilendo, kapena chakale chimene chakula n'kukhala kupitirira maola 24 osasintha, chimenecho n'chofunika dokotala. Ndipo thupi likatentha ndi malungo kapena matenda a m'chikhodzodzo zizindikiro zakale zimadzukanso chimodzimodzi, choncho choyamba ndi kuyezetsa malungo ndi mkodzo.

Chimodzi ndikupemphani: asakaziziritse thupi kunyanja kapena mu Shire. Likodzo mukulidziwa. Zimene ambiri sadziwa n'zoti mazira ake nthawi zina amasochera n'kukakhala mumsana, n'kupha miyendo ndi kutseka mkodzo m'masiku ochepa. Munthu amene ali kale ndi MS izi zikamuchitikira, aliyense amangoti ndi nthenda yake ija, chonsecho pakufunika praziquantel ndi mankhwala ochepetsa kutupa mwachangu. Asambe madzi a pamjigo kapena pampopi. Ngati ndi a kunyanja, akhale mu ndowa masiku awiri.

Zimenezi zikundifikitsa pa mfundo ya owerenga ena amene ayamba kale kudziyeza okha. Kuno kwathu munthu wa miyendo yadzanzi kapena yofooka, MS imakhala kumapeto kwa mndandanda. Timayamba taganiza za HIV, TB ya msana, likodzo, chindoko, shuga ndi kuchepa kwa vitamini B12. Ndi zoona kuti MS ndi yosowa kufupi ndi equator, komanso ndi zoona kuti sungapeze chimene ulibe chida chochionera: makina oyamba a MRI m'Malawi anafika ku Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, ndipo madokotala a minyewa ndi owerengeka. Palinso nthenda yofanana ndi MS imene mwa anthu akuda imapezeka kaŵirikaŵiri kuposa mwa azungu, neuromyelitis optica. Imakonda maso ndi msana, imamenya mwamphamvu, ndipo mu imeneyi wopalamula ndi antibody weniweni amene anapezeka mu 2004, wolimbana ndi puloteni ya mu ubongo ndi mumsana yotchedwa aquaporin-4. Poti achemwali anu anayamba ndi diso kenako msana, afunse dokotala wawo ngati magazi a aquaporin-4 anayezedwa. Mwayi wake ngwakuti rituximab amathandiza pa zonse ziwiri, pamene interferon angathe kukulitsa neuromyelitis optica.

Sindikufuna muchoke pano mukuganiza kuti mankhwalawa alibe mtengo wake. Tsiku la diripi, makamaka yoyamba, thupi limatha kuyabwa, kutentha kapena kubanika, n'chifukwa chake amayamba apereka panado, mankhwala a ziwengo ndi steroid, ndipo diripiyo imadontha pang'onopang'ono kwa maola angapo namwino ali pafupi. Chifuwa, chibayo ndi matenda a m'chikhodzodzo zimabwera mosavuta kusiyana ndi kale. Zaka zikamapita, ma antibody m'magazi amatha kutsika mwa ena, choncho amafunika kuyezedwa. Choopsa kwambiri kwa ife ndi hepatitis B, imene Amalawi pafupifupi 8 mwa 100 ali nayo, ambiri osadziwa. Kachilombo kameneka kamatha kugona m'chiwindi zaka, ndipo maselo a B akachotsedwa kamadzuka mwaukali mpaka kupha. Aliyense ayenera kuyezedwa asanayambe, ndipo wopezeka nako amatetezedwa ndi mankhwala monga tenofovir, yemwe uja ali m'ma ARV. HIV ndi TB nazo ziyezedwe. Katemera amagwira mofooka munthu ali pa mankhwalawa, ndipo katemera wa tizilombo tamoyo, monga wa yellow fever, saloledwa.

Chinanso chimene banja liyenera kumva bwino: mankhwalawa amaletsa makoswe kutafuna malo atsopano, koma sakuta waya amene anatafunidwa kale. Ngati dzanzi lina latsala, si kuti diripi yalephera. Kupambana kwake ndi chaka chimene chadutsa popanda chatsopano. Ndipo pali mbali ina ya nthendayi imene imanyeka pansipansi ngati moto wa mankhusu. M'zikopa zokuta ubongo za odwala ena amene akhala nayo zaka zambiri mwapezeka timagulu ta maselo a B tokhazikika, ndipo rituximab, poti ndi puloteni yaikulu, amafikako pang'ono chabe. N'chifukwa chake akatswiri akuyesa mapiritsi a mtundu wa BTK inhibitor amene amatha kulowa mu ubongo. Zotsatira zake pakadali pano n'zosakanikirana.

Za asing'anga ndilankhule mosapsatira, koma mwaulemu kwa akuluakulu a pakhomo. MS imabwera n'kudzichokera yokha. Diso lija linabwerera popanda mankhwala alionse. Akanapita kwa asing'anga sabata imeneyo, lero mudzi wonse ukanakhala ukuchitira umboni. Nthenda yotere imapatsa ulemu aliyense amene wagwira wodwala pomaliza, ngakhale ife madokotala, n'chifukwa chake timadalira zithunzi za MRI osati mmene munthu wadzukira lero. Dua ndi mapemphero zipitirire, palibe chimene zikusemphana ndi diripi. Koma mphini ayi. Lumo lotemera anthu angapo ndi njira ya hepatitis B ndi HIV, ndipo bala pa munthu wochepa chitetezo limavuta. Zakumwa zosadziwika zimalemetsa chiwindi chimene tikuchisamalachi.

Akasiya diripi lero sadzagwa mawa. Maselo a B amatenga miyezi, nthawi zina kupitirira chaka, kuti abwerere, choncho ngati ulendo wobwerera ku Joni wachedwa ndi masabata awiri kapena atatu musataye tulo, angodziwitsa achipatala chake. Vuto la kusiyiratu n'loti adzamva bwino kwa nthawi ndithu, onse adzati mwaona, kenako nthenda idzabwera mwina pamalo pamene sipadzapolanso.

Ali ndi zaka 29, ndiye nkhani ya ana idzabuka, ngati azakhali sanayiyambe kale. MS siletsa kubereka. Nthendayi imakonda kugona m'miyezi yomaliza ya pakati n'kudzuka m'miyezi itatu yoyamba mwana atabadwa, choncho pakati pamafunika kukonzekera ndi dokotala kuti nthawi ya diripi igwe bwino. Ngati mayi analandira mankhwalawa ali woyembekezera, khanda limatha kubadwa ndi maselo a B ochepa kwa kanthawi. Kuno mwana akangobadwa amabayidwa BCG pamkono ndi kudonthezedwa katemera wa poliyo m'kamwa, ndipo onsewa ndi a tizilombo tamoyo. Akadzachirira kuno kumudzi, anamwino adziwitsidwe mwana asanalandire.

Pa masiku amene atsala kuti akhale nanu, mugulireni buku la kuchipatala ngati alibe. Patsamba loyamba alembepo dzina la nthenda, dzina la mankhwala, tsiku la diripi yomaliza ndi zotsatira za hepatitis B. Akatentha thupi usiku n'kupita naye ku chipatala cha boma, amene adzamulandire mwina sanaonepo wodwala MS, koma akawerenga mawu akuti rituximab adzadziwa kuti uyu si wongomupatsa panado n'kumubweza.